Lipoti: Dalaivala Wathu Wogwidwa ndi Mowa wa Dzulo Lake ku Musina

Ndimayang'anira magalimoto ndi madalaivala pa kampani ina yonyamula katundu ku Kanengo, muno mu Lilongwe. Mathiraki athu ambiri amadzera njira ya Tete kupita ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ena ochepa amatulukira ku Mchinji. Lipoti ili ndi la dalaivala wathu mmodzi amene anamangidwa ku South Africa pa mlandu woyendetsa galimoto ali ndi mowa m'thupi. Mwiniwake wavomera kuti ndilembe, bola dzina lake ndi la kampani zisatchulidwe. M'magulu a WhatsApp a madalaivala mukuyenda nkhani ziwiri. Ena akuti munthu anamangidwa asanalawe n'komwe, ena akuti anamupeza ali dzandidzandi pa chiwongolero. Zonsezo si zoona, ndipo chimene chinachitikadi n'chimene chingagwere dalaivala aliyense amene timamutumiza kunja.

Munthu wake ndi ulendo wake

Ndi bambo wa zaka za m'ma 40, wapabanja, ndipo wakhala nafe nthawi yaitali popanda ngozi. Ali ndi laisensi ya EC, ya mathiraki akuluakulu okoka telala, ndi PrDP, chilolezo choyendetsa galimoto ngati ntchito, yosatha masiku. Si chidakwa. Amamwa monga amamwera amuna ambiri akaweruka, ndipo pa ntchito sitinamumvepo fungo.

Ulendowu unali wa mu Disembala, atanyamula mtedza wosenda wopita ku Johannesburg. Njira yake ndi yodziwika kwa aliyense wa ntchitoyi: M1 mpaka pa boda ya Dedza, kulowa Mozambique pa Calomué, kudutsa Ulongué ndi Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutulukira pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, kenaka N1 ya ku South Africa. Mayiko anayi, ndipo onse amayendera kumanzere ngati ife. Kufanana kumeneku n'kumene kumagonetsa anthu tulo, chifukwa munthu amaona ngati akadali pa msewu wakwawo pomwe malamulo asinthira pa geti lililonse limene wadutsa.

Mapepala ake anali okwana: bulubuku ya hosi (mutu wa thiraki) ndi ya telala, COF yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, kalata ya kampani yomuloleza kutuluka ndi galimotoyo, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti galimoto si yakuba, pemiti yodutsira malire, ndi Yellow Card, inshuwalansi ya mayiko a m'bungwe la zamalonda la COMESA. Yellow Card imagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Zambia, koma Mozambique si membala wa COMESA, choncho inshuwalansi ya kumeneko timagula payokha. Ku South Africa ovulala pa ngozi amalipidwa ndi Road Accident Fund, imene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, koma thumba limenelo silikonza galimoto ya munthu amene mwamugunda.

Zimene zinachitika asanafike pa Beitbridge

Ndizitchule mwachidule, chifukwa zinamudyera ndalama za m'thumba ndipo pambuyo pake zinalowa m'nkhani.

Chakufupi ndi Moatize apolisi anamuimitsa n'kufunsa matrayango awiri, zizindikiro zochenjeza zoimika pa msewu galimoto ikafa, ndi jekete yonyezimira. Matrayango analipo, koma imodzi inali yothyoka mwendo moti sikanaima pa msewu. Jekete inali m'bokosi la zida kunsi kwa telala, yodzaza girizi. Jekete imeneyi cholinga chake n'choti uivale usanatsike galimoto ikafa pa msewu, ndiye ikakhala kunja kwa kabini ili ngati palibe. Analipira chindapusa ndipo anapatsidwa lisiti. Ku Zimbabwe anakumana ndi zina: kumeneko amafuna chozimitsira moto chogwira ntchito, matrayango awiri, ndi tepi yonyezimira, yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Chozimitsira moto chinalipo koma deti yake ya sevisi inali itadutsa. Apanso analipira.

Zinthu zitatuzi, trayango, jekete ndi chozimitsira moto, n'za ku galaja kwathu, ndipo kampani inamubwezera ndalamazo atabwerako. Koma pa nthawiyo zinachoka pa alawansi yake ya pa ulendo, ndipo anafika pa Beitbridge ali wokwiya ndiponso wotopa.

Usiku wa pa Beitbridge

Mwezi wa Disembala pa Beitbridge pamadzaza. Dalaivala wathu anaimika thiraki pa malo oimikapo mathiraki ku mbali ya Zimbabwe, ndipo ejenti wokonza mapepala a pa boda anamuuza kuti mapepala a katundu sangatheke mpaka masana a tsiku lotsatira. Umboni wake ulipo pa foni. Atamva zimenezo anawerengera kuti ali ndi usiku wonse ndi m'mawa wonse wopanda chiwongolero, ndipo anakhala pansi ndi anzake ena a kuno kumudzi amene anawapeza pamenepo. Anayamba kumwa cha m'ma 7 koloko madzulo n'kusiya cha pakati pa usiku.

Boda ya Beitbridge simatsekedwa usiku. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ejenti anaimba kuti zonse zatheka, thiraki isunthe msanga malo asatengedwe. Dalaivala aliyense amadziwa tanthauzo la kutaya malo pa mzere umenewo mu Disembala. Anadzuka, anasukusula, anamwa khofi wowawa, nalizitsa injini. Atafunsidwa pambuyo pake ngati anaganizako zokana, anati: "Bwana, mutu unali bwinobwino. Ndikanakana mukanati ndagona dala."

Anawoloka Limpopo, anamaliza za pa geti la South Africa, ndipo cha m'ma 6:30 m'mawa, atangodutsa tauni ya Musina, anapeza rodibuloko. Nyengo ya Khirisimasi apolisi a dziko limenelo amachulukitsa marodibuloko pa N1, ndipo amauziritsa madalaivala pa makina oyezera mowa ngakhale m'mawa. Anauzira. Makina anaonetsa 0.21.

Nambala imeneyi

Pano ndichedwepo, chifukwa mlandu wonse wagona apa.

Lamulo la pamsewu la dziko lino, la 1997, limaika malire a mowa pa 0.08 g mu 100 ml ya magazi. Zambia ndi Zimbabwe nawonso ali pa 0.08. Mozambique ili pa 0.06. South Africa, mu gawo 65 la National Road Traffic Act ya 1996, ili ndi malire awiri. Woyendetsa galimoto wamba sayenera kufika pa 0.05, ndipo woyendetsa ngati ntchito sayenera kufika pa 0.02. Mu gulu lachiwirili muli wa basi, wa minibasi yonyamula anthu olipira, ndi wa galimoto ya katundu yolemera kuposa 3,500 kg. Ndiye kuti ngakhale wa Canter yonyamula maoda ku Joni ali momwemo.

Makina ouzira sayeza magazi, amayeza mpweya, ndipo mpweya uli ndi muyezo wake. Pa lamulo lomwelo, malire a mu mpweya ndi 0.24 mg pa 1,000 ml kwa woyendetsa wamba, ndi 0.10 mg kwa woyendetsa ngati ntchito. Choncho 0.21 ya dalaivala wathu, imene m'magazi ndi pafupifupi 0.04, ikanamupulumutsa ku Malawi, ikanamupulumutsa ku Zimbabwe kumene anamwera mowawo, ndipo ikanamupulumutsanso pa rodibuloko yomweyo akanakhala kuti akuyendetsa kagalimoto kake. Koma anali pa thiraki, ndipo anaposa malire ake kawiri.

Atandifotokozera koyamba anati anamwa "mabotolo atatu okha". Sananame. Koma anali mabotolo akuluakulu a 750 ml, osati timabotolo ta 330 ml timene tinazolowera kuno. Atatu a 750 ml ndi 2,250 ml, pafupifupi timabotolo tathu 7. Pamwamba pake mnzake anamuthirira matoti awiri a mowa waukali. Botolo la 750 ml la mowa wa 5% limakhala ndi magalamu pafupifupi 30 a alikoholi, toti imodzi pafupifupi 8, ndiye zonse pamodzi zinapitirira magalamu 100. Kwa mwamuna wa makilogalamu 70, mlingo umenewo ukanalowa nthawi imodzi ukanakweza magazi kupitirira 0.20. Chiwindi chimachotsa pafupifupi 0.015 pa ola, anthu amasiyanako pang'ono koma osati kwambiri. Kuchokera 7 koloko madzulo kufika 6:30 m'mawa ndi maola 11 ndi theka, ndiye kuti chinachotsa pafupifupi 0.17. Chotsalacho n'chimene makina anapeza. Masamuwa ndinawachita naye pa pepala mu ofesi, ndipo atawaona anangokhala chete.

Mowa umachoka m'thupi ngati madzi mu ndowa yodontha: dontho ndi dontho, ndipo kuigwedeza ndowayo sikukulitsa bowo. Khofi amachotsa tulo basi. Kusamba madzi ozizira, kutafuna mtedza kapena adyo, kuika kobiri pansi pa lilime, kumwa thobwa, zonse zimene madalaivala amauzana pa malo oimikapo mathiraki, palibe chimene chimafika pa chiwindi. Zina zimabisa fungo kwa munthu, koma makina amatenga mpweya wochokera m'mapapo. Ndipo amene amati m'mawa uyenera kumwako limodzi lochotsera matsire akungowonjezera pa za dzulo.

Zotsatira pa rodibuloko

Makina a pa msewu anali ongoyambira. Anamutengera ku chipatala kumene namwino anamutenga magazi. Lamulo lawo limati magazi akatengedwa pasanathe maola awiri, khoti limatenga kuti mlingo umene wapezekawo si wochepera umene unalipo pa nthawi imene munthu amayendetsa. Ake anatengedwa mkati mwa nthawiyo. Kukana kutengedwa magazi kapena kukana kuuzira ndi mlandu pawokha. Wogwidwa saloledwanso kusuta fodya mpaka atamuyeza, ndipo dalaivala wathu, amene amasuta, zimenezi anazimvera pomwepo.

Pali chinanso m'gawo 65 chimene madalaivala athu ambiri anadabwa nacho nditawawerengera. Sikuti mpaka galimoto iziyenda. Kungokhala pa mpando wa dalaivala injini ikulira pa msewu wa anthu onse, uli ndi mowa wopitirira malire, ndi mlandu womwewo. Amene amalizitsa injini m'mphepete mwa msewu kuti atchaje foni kapena kuti mpweya wa mabuleki ukwere asaiwale zimenezo.

Asanamulande foni anandiimbira. Mawu ake oyamba anali oti, "Bwana, tumizani kangachepe mwina tikambirana nawo." Palibe wapolisi amene anamupempha kanthu, anali maganizo ake chifukwa cha mantha. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, musayerekeze. Mowa ndi mlandu umodzi, musadziwonjezere wachiwiri." South Africa ili ndi lamulo lake la katangale la 2004, ndipo mlendo wogwidwa akupereka chiphuphu pa rodibuloko belo yake imavuta kuposa ya mowa. Ndinamuuza kuti apereke laisensi ndi pasipoti, anene dzina la kampani, asasayine chilichonse chimene sakuchimvetsa, ndipo adikire loya.

Belo, masiku ndi thiraki

Anagwidwa Lachisanu. Pa milandu ngati imeneyi apolisi ali ndi mphamvu yopereka belo pa siteshoni, koma amafuna adiresi yodziwika m'dziko lawo, ndipo munthu amene nyumba yake ili ku Lilongwe amamuona ngati angathe kuthawa. Womangidwa ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48, koma maolawo akathera pa tsiku limene khoti silikhala, amadikira tsiku lotsatira la ntchito. Anagona m'chitokosi mpaka Lolemba, ndipo zonsezo zinali zololedwa ndi lamulo. Amene amamwa Lachinayi usiku pa boda sadziwa kuti asankha tsiku loipitsitsa.

Kudzera mwa ejenti wathu wa ku Musina tinapeza loya wa komweko, ndipo tinadziwitsanso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Johannesburg. Ofesi ya kazembe simatulutsa munthu m'chitokosi, koma n'kofunika kuti idziwe kumene nzika yake ili. Lolemba majisitireti anapereka belo, mlandu n'kuimitsidwa podikira zotsatira za magazi kuchokera ku labotale.

Mayi akunyumba kwake ndinapita kukawauza ndekha Lachisanu lomwelo, asanamve kwa anthu. Funso lawo linali limodzi: "Ndiye ntchito yatha, bwana?" Ndinawauza kuti zimenezo sizigamulidwa mwiniwake asanamvedwe.

Panabuka vuto la masiku. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 ku South Africa popanda viza, ndipo zotsatira za magazi zimatha kutenga miyezi. Kuyambira 2014, wopitirira masiku ake amalembedwa kuti ndi wosafunika: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa pamenepo. Kwa dalaivala wa njira imeneyi chiletso chotere n'chachikulu kuposa chindapusa chilichonse cha khoti. Loya anaonetsetsa kuti belo isamuletse kutuluka m'dzikolo, ndipo anabwerera kuno pa basi ali ndi pepala la deti ya khoti m'thumba. Anzake ena anamulangiza kuti asadzabwererenso, ingotha choncho. Amenewo saganiza kuti kujomba ku khoti kumabala chikalata chomugwira, ndalama ya belo imapita, ndipo tsiku limene adzaonetse pasipoti pa Beitbridge n'lomwe adzamangidwenso.

Thiraki inasungidwa pa yadi yolipira ku Musina. Tinatumiza dalaivala wina pa basi ndi kalata yatsopano yomuloleza kuyendetsa, chifukwa kalata yoyamba inali ndi dzina ndi nambala ya pasipoti ya womangidwayo. Nkhawa yanga yaikulu inali pa mtedza. Musina mu Disembala kumatentha koopsa, mvula ikamagwa tenti imasunga chinyontho, ndipo mtedza ukachita chuku ogula amaubweza wonse akauyeza. Mwamwayi unadutsa mayeso. Wogula anadulabe ndalama ya kuchedwa monga mwa mgwirizano. Tikaphatikiza loya, yadi, basi, malo ogona ndi zimene anadula wogula, phindu la ulendowo linatha lonse ndipo tinaonjezerapo.

Ndinafunsanso a inshuwalansi athu kuti zikanakhala bwanji thiraki ikanagunda munthu kapena kugubuduzika m'mawa umenewo. Anandisonyeza ndime ya mu mgwirizano wathu wa inshuwalansi yokana kulipira ngati dalaivala wapitirira malire a mowa ololedwa ndi lamulo. Ndinawafunsa kuti lamulo la dziko liti. Anati la kumene ngozi yachitikira.

Ku khoti

Magazi anatuluka 0.03. Kutsikako kuchoka pa 0.04 n'kwa nthawi imene inadutsa pakati pa kuuzira ndi jakisoni, koma anali akadali pamwamba pa 0.02. Loya analangiza kuti avomere mlandu, ndipo ine ndinagwirizana naye, chifukwa panalibe pogwira. Chilango chachikulu pa mlandu umenewu chimafika zaka 6 m'ndende, ngakhale kwa wopalamula koyamba wopanda ngozi kawirikawiri chimakhala chindapusa. Lamulo limanenanso kuti laisensi iimitsidwe kwa miyezi yosachepera 6 pa mlandu woyamba, zaka 5 pa wachiwiri ndi zaka 10 pa wachitatu, pokhapokha khoti litakhutira ndi zifukwa zimene woimbidwa mlandu wapereka atalumbira. Dalaivala wathu anaima n'kufotokoza za ejenti, za maola amene anagona, za mbiri yake ndi za ana amene amadalira laisensiyo. Khoti linamulipiritsa chindapusa choposa malipiro ake a miyezi iwiri, ndipo silinaimitse laisensi.

Chimene sichifufutika msanga ndi mbiri. Tsopano ali ndi mlandu wolembedwa m'kaundula wa apolisi a South Africa, ndipo pempho loti ufufutidwe limaloledwa patatha zaka 10. Akadzagwidwanso, khoti lidzamutenga ngati wobwereza.

Ku ofesi kuno

Employment Act ya 2000 imafuna kuti wantchito apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe. Tinakhala pansi: mabwana awiri, ine, iye, ndi dalaivala mnzake amene anamusankha kuti amuperekeze. Bwana mmodzi amafuna achotsedwe tsiku lomwelo kuti ena atengerepo phunziro. Mfundo yake inali yomveka: thiraki yodzaza yolemera matani oposa 40, msewu wa Disembala wodzaza mabasi ndi mabanja, ndiponso munthu wogona maola anayi okha ali ndi mowa m'magazi. Ine sindinatsutse kuti analakwa. Kumwa magalamu 100 a alikoholi uli ndi makiyi a thiraki m'thumba, pa boda imene mzere wake umasuntha nthawi iliyonse, ndi kulakwa, ngakhale ejenti atalonjeza chotani.

Chimene ndinatsutsa n'choti kumuchotsa kuthetsa vuto. Ndinaika pa tebulo mapepala awiri. Loyamba linali malamulo a kampani amene madalaivala amasayina, ndipo pa za mowa pali chiganizo chimodzi chokha: dalaivala asayendetse ataledzera. Munthuyu sanaledzere m'lingaliro limene aliyense wa ife amalimvera, ndipo nditafunsa madalaivala a njira ya South Africa mmodzimmodzi za 0.02, ambiri anandiyankha 0.08 ya kuno, ena anati bola osapitirira mabotolo awiri. Lachiwiri linali la kalipiridwe. Madalaivala athu amalandira bonasi pa ulendo umene afika pa nthawi yake, ndipo masiku odikira pa boda salipidwa alawansi yonse. Munthu amene walipira kale zindapusa ziwiri za m'thumba mwake, foni ikalira 4 koloko kuti sunthani, mukuyembekeza kuti anena kuti ayi? Kalipiridwe kathu kamamuuza kuti adzuke azipita, ndipo anachita zomwezo.

Anapatsidwa chenjezo lomaliza, anachotsedwa pa maulendo akunja kwa miyezi 6 n'kuikidwa pa njira ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo chindapusa cha khoti akubweza pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro ake. Za loya ndi yadi kampani inasenza. Bwana uja sanakhutire, ndipo ndimamumvetsa.

Zimene tasintha

Malire a kampani tsopano ndi 0.00 pa nthawi yolizitsa injini, dziko lililonse. Tinaona kuti kuphunzitsa munthu manambala anayi a mayiko anayi n'kumupatsa mpata woti aziwerengera, ndipo kuwerengerako n'kumene kunamugwetsa mnzathuyu. Komanso boma la South Africa lakhala likukamba kwa zaka zingapo zotsitsa malire ake kufika pa 0, ndiye bola tizolowereretu.

Ena amati tingolamula kuti asamwe ulendo wonse. Pa pepala tinalemba, koma ulendo wa ku Johannesburg kupita ndi kubwerera umatha masabata, ndipo ine sindikhala nawo mu kabini. Lamulo la maola 8 kuchokera pa botolo lomaliza, limene ena amalikonda, silikanamuthandiza: akanauzira 8 koloko m'mawa akanapezekabe pa malire kapena pamwamba pake. N'chifukwa chake thiraki iliyonse yotuluka kunja ili ndi makina ouzira ake, ndipo dalaivala amauzira asananyamuke n'kutumiza chithunzi cha nambala pa WhatsApp ya ofesi. Pogula makinawa chenjerani ndi muyezo. Ena amaonetsa mg/L ya mpweya, ena peresenti ya magazi, ena g/L. Nambala ya 0.10 pa makina a mpweya ndi malire a dalaivala wa thiraki ku South Africa, pomwe 0.10 pa makina a magazi ndi munthu wopitirira ngakhale malire a kuno. Ife tinagula a mtundu umodzi, ndipo lamulo ndi losavuta: chilichonse chosakhala 0.00, galimoto isasunthe. Makina otchipa amasokonekera akakhalitsa, ndiye amapita ku sevisi limodzi ndi zozimitsira moto.

Chachikulu pa zonse, kwa ine, n'choti dalaivala amene waimba yekha n'kunena kuti sangathe kunyamuka mpaka masana salandira chilango pa ulendo woyamba, ndipo sadulidwa bonasi. Timalemba m'faelo yake, ikabwerezeka timakambirana zina. Pali amene akuti uku n'kulekerera. Ine ndimawerengera mtengo wa tsiku limodzi lotayika pa mzere wa Beitbridge n'kuuyerekeza ndi zimene tinalipira ku Musina popanda ngakhale ngozi.

Ku galaja, kapitawo sasayinanso kuti galimoto yatuluka asanagwire ndi manja ake matrayango awiri oima okha, jekete ziwiri zopachika kuseri kwa mpando mkati mwa kabini, chozimitsira moto cha deti yabwino, tepi yonyezimira yosamatuka, jeke, sipanala ya mawilo ndi tayala lapadera lopopa.

Anzanga ena amene si a mathiraki amandifunsa za magalimoto awo ang'onoang'ono, makamaka opita ku Chipata Loweruka kudzera pa boda ya Mchinji ndi Mwami, kapena okatenga galimoto ku Dar es Salaam ndi ku Beitbridge. Ku Zambia nakonso amafuna matrayango awiri ndi tepi yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, pamodzi ndi inshuwalansi ndi msonkho wa utsi wolipira pa boda. Galimoto ikakhala ya ngongole ya banki kapena ya mlamu wanu, tengani kalata ya mwini wake yosindikizidwa chidindo. Opita kutali n'kukabwereka galimoto adziwe kuti ngakhale m'dziko limodzi malire amatha kusiyana: England ili pa 0.08 pomwe Scotland inatsitsa kufika pa 0.05 mu 2014, Sweden ili pa 0.02, ndipo ku Czech Republic ndi Hungary salola ngakhale kadontho.

Dalaivala wathu miyezi yake 6 yatsala pang'ono kutha, ndipo wapempha kuti abwerere pa njira ya Johannesburg chifukwa ya m'dziko muno ilibe alawansi yokwanira fizi ya ana ake. Ndavomereza pempholo. Nkhani yoti masiku odikira pa boda azilipidwa alawansi yonse mabwana sanaivomere, akuti idikire bajeti ya chaka chamawa, ndipo ndailembanso pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano umenewo.